Amalume Anasowa pa Msika wa Kachewere

Ndege ya amalume sinatere ku Chileka. Ndinaimva ndi makutu angawa ikuzungulira pamwamba pa mitambo, kenako phokoso lake linazilala. Mvula inali itayamba m'mawa, phiri la Michiru silinkaoneka n'komwe. Tinaima pakhonde la bwalo la ndege, maambulera ali m'manja, mpaka bambo wina wa yunifolomu anatuluka n'kutiuza kuti ndegeyo yapitirira ku Lilongwe.

Ena anangodandaula za mafuta a galimoto. Ine vuto langa linali lina, chifukwa amene ndinabwera kudzawachingamirawo sanali munthu woti n'kukwera basi yekha.

Amalume a Elisoni ndi achimwene awo a mayi anga. Anachoka ku Lirangwe ine ndisanabadwe, atapeza sukulu kudzera ku mpingo, ndipo anakhazikika ku Amereka, komwe ankaphunzitsa mbiri yakale pa koleji ina yaing'ono. Ankaphunzitsa eni dziko mbiri ya dziko lawo lomwe, makamaka mmene anakhazikitsira boma atangochoka m'manja mwa Angerezi. Akazi awo atamwalira, mutu unayamba kuwathawa. Anaiwala njira ya kunyumba, kenako mayina a anthu, mapeto ake Chingerezi chonse chinawachokera. Chinatsala ndi Chichewa cha pa ubwana wawo. Mwana wawo Linda, wobadwira konko, Chichewa sachidziwa. Anandiimbira akulira kuti bambo ake akulankhula tsiku lonse koma m'nyumba monse palibe wowamva. Ndiye tinagwirizana kuti abwere kwawo.

Mayi wina wa mumpingo wawo, amene ankabwera kumaliro ku Mzimba, ndi amene anavomera kuwaperekeza. Anayenera kundipatsira amalumewo pa Chileka, iwo n'kupitirira ndi ndege yomweyo. Ndili pakhonde pomwepo foni inalira.

"Ndili nawo kuno ku Lilongwe," anatero mayiwo. "Koma ine mawa m'mamawa ndikunyamuka, maliro sadikira. Bwerani."

Ndinalibe chosinthira, ndinalibe mswachi. Ndinakwera minibasi mpaka pa Kameza, pomwe ndinadikira basi ya ku Lilongwe nditabisala pansi pa khonde la golosale. Itabwera, kondakitala anatchula mtengo wa tsiku la mvula, ndipo sindinanenerere. Tinadutsa Lunzu. Tikudutsa pa Lirangwe ndinaona denga la sukulu yomwe ndimaphunzitsa, ndipo ndinaimbira mayi.

"Ndikukudutsani panopa. Ndege yawatengera ku Lilongwe."

"Mayo ine! Kodi adya?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Uwagwire dzanja, Tamanda. Usawasiye."

Zenera la pampando wanga silinkatsekeka, moti ndinafika ku Lilongwe mbali imodzi ili chinyowere. Ndinagona pamphasa kwa achibale a mayi aja ku Eriya 25, amalume atagona kale. Ndinawaona m'mawa. Anali pampando, wamtali, wowonda, tsitsi lili mbuu, atavala jekete ndi taye ngati akupita kuntchito. Ndinagwada.

"Mwadzuka bwanji, amalume? Ndine Tamanda, mwana wa achemwali anu a Esinati."

Anandiyang'ana mwaulemu kwambiri. "Zikomo, mayi. Mwalembetsa kalasi iti?"

Mayi aja anandipatsa pasipoti, mankhwala ndi chikwama chimodzi, n'kundikumbatira. M'maso mwawo munkaoneka kuti atula mtolo.

Kudepoti kunali chipwirikiti. Anyamata oitanira anatizinga, wina akukoka chikwama, wina akukoka mkono wa amalume. Ndinawagwira dzanja. Ndinalowa basi yomwe inali pafupi, osafunsa kuti inyamuka liti, ndipo tinakhalamo mpaka dzuwa kukwera, injini ikulira bodza kuti anthu aziti yatsala pang'ono. Amalume ndinawaika kuzenera, ine pakati. Kumapeto kwa mpando kunakhala mayi wina wojintcha, wa mawu aakulu, amene anati ndi mayi Nangozo. Kwawo ndi ku Ntcheu koma amagulitsa kachewere ku Ndirande.

Titadutsa Nathenje amalume anayamba kusakhazikika. Anayang'ana pamkono pomwe panalibe wotchi, n'kufuna kuimirira.

"Ndachedwa. Ana akundidikira."

"Khalani pansi, amalume, basi ikuyenda."

Anandikankha ndi mphamvu yomwe sindinkaiyembekezera. Ndinasowa chochita, ndiye ndinangonena chomwe chinabwera pakamwa: "Ana ake ndife, aphunzitsi. Yambani."

Anakhala pansi, anakonza taye, ndipo mawu awo anasintha. Anatuluka omveka bwino, osadodoma.

"Kupambana nkhondo n'kosavuta," anatero. "Chovuta ndi m'mawa mwake. Angerezi atapita, tinatsala timayiko khumi ndi titatu, kalikonse kodzimva. Kalikonse ndi ndalama zake, kalikonse kakulipiritsa katundu wa mnzake pamalire. Boma lapakati linalipo, koma tinalichotsa mano dala, poopa kuti lingasanduke mfumu ina. Linalibe pulezidenti. Msonkho silinkadula, linkachita kupempha, ndipo ambiri ankangolinyalanyaza. Asilikali amene anatimenyera nkhondo anabwerera kwawo chimanjamanja."

Ankanena kuti "tina-" ngati analipo. Kaya ndi mmene ankaphunzitsira, kaya ndi matendawo, sindikudziwa.

Mayi Nangozo anasuzumira. "Akunena dziko liti agogowa?"

"Amereka."

"Amereka yomweyi ya madola? Boma lopemphetsa?" Anaseka mpaka mpando kugwedezeka. "Ndiye zinatha bwanji, agogo?"

"Alimi anakwiya, mayi. Ambiri anali asilikali aja. Ngongole zitawapana, makhoti anayamba kuwalanda minda. Iwo anatenga mfuti zawo zakale n'kukatseka makhotiwo. Anawabalalitsa, inde, koma akuluakulu anagwidwa mantha. Anaona kuti dziko lomwe angolipeza kumene likuwathera m'manja."

Anaphunzitsa mpaka ku Linthipe. A mpando wakutsogolo anatembenuka kumvetsera. Titayamba kukwera zitunda za ku Dedza, tulo tinawagwira, mutu atatsamira pagalasi. Ine ndinapuma koyamba chichokereni ku Chileka.

Titapitirira Dedza, pamsika wina wa m'mbali mwa msewu, basi inayamba kutsimphina. Teyala lakumbuyo linali litaphwa. Dalaivala anaima, n'kunena kuti jeke yake ndi yofooka, akabwereke ina. Kumeneko msewu ndiwo malire: uku Malawi, kuwoloka chabe ndi Mozambiki, ndipo msika uli mbali zonse ziwiri. Mavenda anazinga basi ndi mabeseni a kachewere, kabichi ndi tomato.

Kuyambira m'mamawa ndinali ndisanataye madzi. Ndinapirira mpaka misozi kulengeza. Amalume anali m'tulo tofa nato.

"Pitani, mwana wanga, ndikuwaona," anatero mayi Nangozo.

Chimbudzi cholipira chinali kuseri kwa mashopu, ndipo panali mzere. Pobwerera ndinapeza mayi Nangozo ali pansi, pakhomo pa basi, akukangana mtengo ndi mwini matumba a kachewere. Ndinalowa. Pampando panali jekete yokha.

"Amalume ali kuti?"

Mayiwo anagwira pakamwa. "Ndangotsika pompano! Anali m'tulo!"

Ndinathamanga kutsogolo kwa basi, kumbuyo, pansi pake pomwe. Ndinafunsa dalaivala, ndinafunsa mavenda. Aliyense anali ndi maso pa malonda ake. Magalimoto akuluakulu ankadutsa mwaliwiro, ndipo iliyonse ikadutsa ndinkayang'ana pa tala. Bambo wina wokazinga tchipisi pachiwaya ndi amene anandiyankha.

"Mdala wa taye? Awoloka. Alowera uko."

Analoza ku Mozambiki. Pasipoti yawo inali m'chikwama changa, yanga inali ku Lirangwe. Ndinawoloka.

Kuseri kwa mabenchi a malonda kunali kanjira kamatope kolowera kunyumba za anthu. Ndinaona nsapato imodzi yakuda itatitimira m'matope. Ndinaizula. Kenako ndinamva phokoso, ndipo anthu anayamba kundipitirira akuthamangira komweko, amuna, amayi, ena atasiya mabeseni. Mawu amodzi ankamveka pamwamba pa onse.

"Mfiti! Agwira mfiti!"

Tonse tinamvapo zomwe zimachitikira nkhalamba yosokonezeka ikapezeka pakhomo pa eni. Ndinkazimva pa wailesi n'kupukusa mutu. Tsiku limenelo ndinathamangira komweko.

Amalume anaima pakhonde pa nyumba ya njerwa, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, malaya atatuluka m'buluku. Mayi wina wachitsikana, khanda lili pachifuwa, ankafotokozera gulu akulira.

"Ndikuyamwitsa mwana, ndangoona munthu walowa! Wayamba kutseka mazenera onse, akuti zomwe tikambirane muno zisatuluke!"

"Mwachokera kuti, mdala?" anafunsa bambo wina wa chikwanje m'manja.

"Kutali, bambo."

"Mwabwera pa chiyani?"

"Pa ndege," anayankha amalume mwaulemu. "Koma inalephera kutera."

Gulu lonse linabuula. Ndinaona anthu akuwerama kutola miyala. Amalume anaona anthu ambiri atawayang'ana, ndipo anachita chomwe achita moyo wawo wonse. Anakweza mawu.

"Tinakumana khumi ndi awiri. Wa khumi ndi chitatu anakana kubwera. Kunja kunkatentha, koma tinatseka mazenera, tinalumbira kuti wina asaulule. Ndipo titafika pa nkhani ya munthu, tinakangana kwambiri. Mapeto ake tinamugawa pasanu, n'kutengapo magawo atatu."

"Mwamva? Waulula yekha!"

Ndinadzipanikiza pakati pa anthu ndikukuwa. "Ndi amalume anga! Akudwala mutu! Chonde, ndi odwala!"

"Mnzake uyu!" Wina anandikoka chikwama, lamba n'kuduka. Mwala woyamba unamenya khoma. Wachiwiri unawapeza pamphumi, ndipo magazi anatsikira m'diso. Sanathawe. Anangogwira pamalopo n'kuyang'ana zala zawo modabwa.

Mayi Nangozo anafika akupuma mwabefu, n'kuima kutsogolo kwa khonde manja atatambasula. "Inu a Jeke! Inu bambo a Mariya! Simukundidziwa ine? Munthuyu takwera naye basi imodzi!" Ena anawazindikira, koma akumbuyo sankamva, ankangokankha. Wina anafuula kuti abweretse petulo.

Ndinali ndi nsapato ya amalume m'dzanja lamanzere. Ndinakweza lamanja m'mwamba, monga amachitira ana anga a Sitandade 4, n'kutulutsa mawu omwe ndimaletsera phokoso pa asembule.

"Aphunzitsi! Funso!"

Amalume anatembenuka. "Inde, kumbuyoko."

"Zimenezi zinachitikira kuti?"

"Ku Filadefiya, ku Amereka. Kodi simunawerenge, mayi?"

"Liti?"

"Zaka zoposa mazana awiri zapitazo. Agogo a agogo anu asanabadwe."

"Nanga khumi ndi awiriwo ndi ndani?"

"Zigawo za dzikolo. Chilichonse chinatumiza nthumwi kuti akalembe malamulo a boma latsopano, loti likhale ndi mano koma lisalume eni ake."

Apafupi anayamba kuyang'anana. Ndinadziwa kuti funso lalikulu latsala, ndipo ndikapanda kulifunsa ine, aliyankha okha ndi miyala.

"Munthu munamugawa pasanu uja ndi ndani?"

Amalume anayang'ananso zala zawo. Ndinaopa kuti mutu wawathawanso. Magazi anadontha pa taye.

"Kapolo," anatero. "Munthu wakuda ngati ine ndi inu. Mipando ya kunyumba ya malamulo inkagawidwa potengera kuchuluka kwa anthu. Eni akapolo anati akapolo awo awerengedwe, kuti iwo apeze mipando yambiri. Enawo anati, muwawerenga bwanji poti mumawagulitsa ngati ng'ombe? Ndiye anagwirizana kuti pa akapolo asanu alionse aziwerenga atatu. Kapoloyo sanamufunse. Sanali m'chipindamo." Anapukuta diso ndi mkono wa malaya. "Ndaphunzitsa zimenezi kwa zidzukulu za ogula ndi zidzukulu za ogulidwa, atakhala m'kalasi imodzi. Palibe chaka chimene ndinagona bwino nditaphunzitsa phunziro limeneli."

Bambo wa chikwanje uja anatsitsa mkono.

"Ndiye mazenera anatsekeranji?" anafunsa, mawu akadali aukali.

"Kuti munthu athe kusintha maganizo popanda kumuseka kunja," anayankha amalume. "Funso labwino. Dzina lanu?"

Wina anaseka, kuseka kwa munthu wochita manyazi. Koma si onse. Mayi wa khanda uja ankakuwabe kuti mwana wake akadwala adziwa kochokera, ndipo akumbuyo ankati mfiti zophunzira ziliponso. Mayi Nangozo anagwira amalume mkono, n'kundinong'oneza.

"Gwirani mbali inayo. Musathamange. Mukathamanga mwatha."

Tinayenda. Kanjira kaja kanatalika ngati ka ku Lilongwe. Kumbuyo ndinkamva mapazi ambirimbiri m'matope, ndipo msana wanga wonse unkadikira mwala. Mayi Nangozo ankapereka moni kwa aliyense amene ankamudziwa, mokweza, ngati tikuchokera ku ukwati. Amalume ankatsimphina ndi sokosi yawo, akufunsa ngati belu lalira.

Tinawoloka msewu n'kulowa m'basi. Teyala linali lisanamangidwe.

Pa ulendo wonsewo, nthawi imeneyi ndi imene sindifuna kuikumbukira. Basi inali yopendekeka pa jeke, yosatha kuyenda, ndipo tsidya la msewu gulu linaima likutiyang'ana. Ndinawagoneka amalume pamiyendo panga kuti asaoneke pazenera, n'kutsinya bala lawo ndi mpango wanga. Mwala unagunda denga. Bambo wina wa suti anaimirira m'basimo.

"Atsike anthuwa! Atiotchetsa tonse!"

"Atsike apite kuti?" anatero mayi Nangozo. "Inu simudzakalamba? Khalani pansi!"

Ena anavomereza bamboyo, ena mayiwo. Kondakitala anatseka chitseko n'kuchitsamira. Panja ndinkamva sipanala ikulira, nati imodzi, kenako ina, pang'onopang'ono ngati dalaivalayo akulipidwa pa tsiku. Ndinapemphera pemphero lopanda mutu, mawu amodzi okhaokha. Basi itatsika pa jeke, dalaivala analowa manja ali bii, ndipo sanadikire ngakhale matumba a kachewere a mayi Nangozo. Anatsala pamsewu pomwepo. Nditawapepesa, anangoti, "Kachewere amamera chaka chilichonse."

Pa Ntcheu ndinagula madzi n'kuwatsuka kumaso. Ndinawaveka nsapato ija, matope ali momwemo. Chingeni, Phalula, sindinaone kanthu. Basi ikangochepetsa liwiro ndinkawagwira dzanja mwamphamvu mpaka zala zanga kuchita dzanzi. Pa rodibuloko ya pa Zalewa wapolisi analowa, n'kuyang'ana magazi a pa taye.

"Agogowa atani?"

"Anagwa," ndinatero. Basi yonse inakhala chete, ngakhale bambo wa suti uja.

Tinawoloka mtsinje wa Shire utadzaza, madzi ali ofiira. Pa Lirangwe tinatsika dzuwa litapendeka. Mayi Nangozo anatitsitsira chikwama, basi n'kunyamuka ndisanawafunse nambala ya foni. Akabaza anatithamangira, koma ndinawakana. Sindikanalola kuti amalume akwere njinga ina, ine ina. Tinayenda wapansi, kudutsa kumsika, kudutsa kutchalitchi komwe anabatizidwira. Sanatembenuke n'komwe.

Mayi anali pakhomo ndi amayi angapo a chigwirizano, atavala chitenje chawo chatsopano. Atationa anathamanga ngati mtsikana, n'kudzaima patsogolo pawo. Anaona bala, anandiyang'ana ine, koma sanafunse.

"Achimwene," anatero. "Achimwene, ndine Esinati."

Amalume anali atakwera kale pakhonde. Anaona amayi aja atakhala pamphasa, anakonza taye yawo ya magazi, n'kuyang'ana mayi anga pamwamba pa mphuno.

"Mwachedwa, mayi. Khalani kumbuyo."

Mayi anaima pomwepo. Ndinafuna kuwagwira, koma anandichotsa dzanja. Anazungulira mphasa, anakakhala kumbuyo kwa onse, pansi penipeni, n'kupinda manja pamiyendo.

"Lero," anatero amalume, "tikamba za pulezidenti woyamba. Anthu ankafuna kuti alamulirebe, ndipo palibe akanamuletsa. Koma atatopa anatula pansi udindo yekha, n'kubwerera kumunda kwake. Alipo angandiuze chifukwa chimene munthu amabwerera kwawo?"

Kenako, kumbuyo kuja, mayi anga anakweza dzanja.